Mayi Wochapa wa m'Buku la a Insipekitala

Inali cha m'ma naini koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa munthu koma kongomukwinyitsa nkhope. Wotaipa anali atangoyatsa kompyuta, akupukuta magalasi ake ndi nsonga ya juzi, pamene ambulera yakuda inadutsa pawindo. Anaizindikira. Mumsewu wonsewo munali munthu mmodzi yekha wonyamula ambulera ngati akutsogolera perete.

"Kasitomala wanu uja ndi uyo, mlamu," anatero a Stepala. "Koma lero akuyenda ngati akukagwira wakuba."

A Stepala anali eni ake a shopuyo, komanso achimwene a malemu mwamuna wa Wotaipa. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala. Pa ntchito zonse za m'shopumo, kutaipa, kufotokopa, kumata zikuto, iwo anadzisankhira imodzi yokha, yolumikiza mapepala ndi stepala, ndipo ankaigwira ataimirira, milomo italumana, ngati dokotala akusoka bala. Shopu yake inali kachipinda kopapatiza pakati pa wogulitsa magalasi a maso ndi wometa. Munali kauntala, benchi, makina a fotokope otentha ngati mbaula, ndi makompyuta awiri, imodzi yamoyo, inayo yakufa imene anaikapo maluwa apulasitiki. Pakhoma panali chikwangwani cha zilembo zofiira: TIMATAIPA ZIMENE MWALEMBA.

Chikwangwanicho sanachikhomere makasitomala. Anachikhomera Wotaipa, amene anali atachenjezedwa kale kawiri. Koyamba, bambo wina anabweretsa kalata yopepesa mkazi wake amene anachoka panyumba, ndipo Wotaipa anachotsamo ndime yonse imene bamboyo ankafotokoza kuti wolakwa kwenikweni anali mkaziyo. Mkazi anabwerera ndithu, koma bamboyo anabwera kudzalalata kuti amupepesetsa mopitirira muyeso. Kachiwiri, anafupikitsa ulaliki wa abusa ena kuchoka pa masamba khumi ndi limodzi kufika pa asanu ndi limodzi. Abusawo anatulukira chinyengocho ataona kuti afika pa ameni anthu akadali maso.

"Kachitatu mudzanditcha woipa, mlamu," anatero a Stepala tsiku limenelo. "Chibale tizikachitira kunyumba. Akazi anga ali ndi mphwawo amene anamaliza kozi ya kompyuta, angokhala."

Wotaipa anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Mashopu ena onse otaipa mumsewumo anali atatsekedwa, chifukwa anthu anali atayamba kudzilembera makalata pafoni ndi zala ziwiri. Kunyumba ankasunga apongozi ake odwala miyendo, mayi awo a Stepala omwewo, amene akazi a Stepala anati sangakhale nawo chifukwa nyumba yawo ili ndi masitepe. Mpando uwu ukamuchoka, panalibe wina woti akakhalepo. Choncho ataona ambulera ija ikupindidwa pakhomo, anavala magalasi ake n'kukhala tsonga.

A Insipekitala, eni ambulerayo, anapuma ntchito yoyendera masukulu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma udindowo anakana kuusiya mu ofesi. Atapuma anayamba kulemba buku. Linadzaza makope asanu ndi anayi, ndipo Wotaipa analitaipa kwa miyezi isanu. Mwininkhani wake anali woyendera masukulu, wamtali, wa mapewa otambalala, wokana ziphuphu m'mutu uliwonse, amene akazi ankamuyang'ana iye osawayang'ana. A Insipekitala enieniwo anali aafupi, koma buku ndi buku.

Kalembedwe kawo ndiye kanali ndi khalidwe lachilendo. Mwininkhani akamayankhula, zilembo zinkaima chilili ngati asilikali, chilichonse ndi chipewa chake. Koma akangotsegula pakamwa dalaivala, mlonda, kapena wantchito wa m'nyumba, cholembera chinkathamanga, mawu nkusanduka kamzere kokhotakhota ngati podutsa nyongolotsi. Anthu amenewo ankawachedwetsa a Insipekitala pa ulendo wawo wopita ku mawu otsatira a mwininkhani.

Si kuti anawaiwaliratu, ayi. Anali atachita maphunziro a alembi a masiku atatu kuhotela ina, nalandira satifiketi, ndipo kumeneko anawauza kuti munthu wa m'mbali aliyense m'nkhani azikhala ndi chizindikiro chake kuti owerenga asamuiwale. A Insipekitala anamvera ndi mtima wonse. Dalaivala anamuchotsa diso. Mlonda anamupatsa chibwibwi. Kalaliki anamutsimphinitsa, mesenjala anamugonthetsa khutu, ndipo mayi wochapa zovala anamumata njerewere pamphuno. Pofika kope lachitatu, bukulo linali ngati wodi ya chipatala imene mwininkhani yekha ndiye anali wabwinobwino.

Sabata yoyamba Wotaipa anafunsa. "Bambo, apa wochapayu akuti chiyani?"

A Insipekitala sanayang'ane n'komwe. "Wantchito angati chiyani? Ikani 'inde bwana.'"

Anaika "inde bwana" kakhumi ndi kamodzi. Kachikhumi ndi chiwiri zala zinakana. Pa tsamba limenelo mwininkhani anali atangobwera kuulendo, atayankhula masamba atatu za kukhulupirika m'banja, mkazi wake akugwetsa misozi yothokoza. Kenako panali mawu akuti, "Wochapa analowa nati," ndi kanyongolotsi kaja. Wotaipa anayang'ana kamzereko nthawi yaitali, kenako anataipa kuti: "M'thumba la jekete munali matikiti a basi awiri, bwana. Imodzi yanyowa. Inayo ndawasungira amayi."

Kuyambira pamenepo mayiyo anayamba kudziyendera yekha. Njerewere ija inagwa yokha osaonekanso. Ankadziwa za m'nyumbamo zonse kudzera m'matumba a zovala. Mabatani othothoka ankawasunga m'kachitini, ndipo ankasokerera okhawo a munthu amene wamupatsa moni tsiku limenelo. Ikakwana folo koloko ankapukuta manja n'kumapita, ngakhale mwininkhani ali pakati pa chiganizo, chifukwa kwawo kunkamudikira mulu wina wa zovala zake zomwe, zimene panalibe wozichapa. Zonse pamodzi sizinapitirire masamba asanu ndi awiri m'buku la masamba mazana atatu. Wotaipa ankadziwa kuti a Insipekitala powerenga amadumpha malo oterowo, ndipo anadumphadi. Analitumiza bukulo ku kampani yosindikiza mabuku monyadira.

Tsopano anali ataima pakauntala, makope asanu ndi anayi omanga ndi chingwe kudzanja lina, envulopu kudzanja linalo. Moni sanapereke.

"Muli munthu m'buku langa," anatero.

"Ndiye bwino, bwana," anayankha a Stepala. "Mabuku amafunika anthu."

"Munthu amene sindinamuitane!"

Mawuwo anamveka mpaka kuseri kwa khoma. Wometa, amene mvula inamusowetsa mitu, anatulukira pakhomo chipeso chili m'tsitsi, natsamira mphuthu. Anali munthu woti nkhani ya eni ake ankaimva ngati wailesi, ndipo ankayankhira.

A Insipekitala anasolola kalata mu envulopu. Inachokera kwa mkonzi wa kampani ija. Anaiwerenga mokweza, mwina poganiza kuti ikamveka pagulu isintha.

"'Mwininkhani wanu ali ngati mtengo wa magetsi: ndi wamtali, ndi wowongoka, ndipo palibe amene angafune kucheza naye.' Mwamva? Mtengo wa magetsi! 'Dalaivala wanu mubwezereni diso lake, silinatithandize kumudziwa. Mlondanso muloleni ayankhule bwinobwino. Koma mayi wochapa uja ndi wamoyo. Muno mu ofesi takhala tikubwereza mawu ake. Mukatiwonjezera masamba makumi anayi a mayi ameneyu mwezi uno usanathe, bukuli tisindikiza.'"

"Eee, mwawina bwana!" anatero wometa. "Ndiye mwakwiyiranji?"

"Chifukwa ndamufunafuna mayiyo m'makope angawa Loweruka lonse ndi Lamulungu lomwe. Matikiti a basi mulibe. Kachitini ka mabatani mulibe. Ine mwininkhani wanga sangakwere basi ndi mkazi wachilendo. Ali ndi galimoto ya boma!"

A Stepala anaika stepala pansi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inayesetsa kuoneka yachisoni, koma chimwemwe chinkatulukira m'makutu.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu. "Mlamu, mlamu, mlamu."

Wotaipa anapinda manja pamiyendo. Anaganiza za mankhwala opaka a apongozi ake, amene anali atatsala pang'ono m'botolo, kenako anadziletsa kuganiza.

"Tiyeni tichite mwadongosolo," anatero a Stepala, amene dongosolo ankalikonda likakhala logwetsa munthu wina. Anamasula chingwe, napempha kope lachisanu, nalitsegula pamalo pamene a Insipekitala analoza. Pambali pake anayala tsamba 143 la buku lotaipa. Anthu atatu anaweramira pakauntala. Kumanzere kunali kanyongolotsi. Kumanja kunali matikiti a basi.

"Bwana, shopu ino ili ndi mbiri yake," anapitiriza a Stepala. "Ine ndikufuna mawu amodzi okha. Zili apazi ndi zanu kapena si zanu? Ngati si zanu, mlamu wangayu anyamula chikwama chake lero lomwe, ngakhale mtima ukundipweteka. Ndipo sizithera pomwepo. Ndiwalembera a kampaniwo kalata ine ndemwe, ya chidindo, kuwauza kuti mayi wochapayo analowa m'bukumo mwangozi, ndi wa wotaipa wathu, si wa a Insipekitala ayi. Timuchotsemo yense, tiwatumizire buku lanu lenileni, loyera, la 'inde bwana.' Ulere."

Makina a fotokope ankang'ung'udza.

A Insipekitala anabwera ndi mkwiyo wokonzeka bwino, wosita, koma za kalata ya chidindo sanaziganizire. Wotaipa anaona maso awo akuchoka pa kope kupita pa envulopu, n'kubwerera. Zaka makumi atatu akutaipa zolemba za anthu zinamuphunzitsa kudziwa pamene munthu akufuna khomo lotulukira koma akuchita manyazi kufunsa kuti lili kuti.

"Mwina ndi maso angawa, bambo," anatero mofatsa. "Ine ndinataipa momwe ndinaonera. Zolemba za anthu ophunzira zimavuta. Tawerengani eni akenu, timve pamene ndinaphonya."

A Insipekitala anamuyang'ana. Anatulutsa magalasi, nawapukuta, nawavala, nawavulanso, nawapukutanso. Kenako anaika chala pamutu pa kanyongolotsi kaja n'kuyamba kuchiyendetsa. Chala chinali pa kope, koma diso linkazembera kumanja.

"M'thumba... la jekete," anawerenga. Anatsokomola. "Munali... matikiti. Eya. Iyi ndi 'm' ndithu. Matikiti a basi... awiri."

Kanyongolotsiko kanatha iwo asanafike pakati pa chiganizo, moti chala chinabwerera pachiyambi n'kuyambanso ulendo.

"Zilimo?" anafunsa a Stepala, mawu atauma.

"Zilimo. Kuwala kwa kunyumba kwanga n'kochepa."

"Ndi kachitini komwe?"

"Bambo, ine ndayendera masukulu zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndikati zilimo, zilimo." Anawongola jekete. Nkhope yawo inayamba kuwala. "Ndipotu mayi ameneyu anandivutitsa. Miyezi itatu ndikumuganizira. Munthu wa m'mbali, muyenera kudziwa, safuna njerewere. Amafuna kukhala ndi kwawo. Azikhala ndi kumene akuthamangira mwininkhani akamayankhula. Zimenezi ndakhala ndikuwauza alembi achinyamata."

"Nanga mayiyo ali pabanja?" anafunsa wometa.

A Insipekitala anatsegula pakamwa. Diso linapita kwa Wotaipa.

"Mwamuna anapita kukagula sopo chaka cha chilala," anatero Wotaipa akuyang'ana kiyibodi. "Tsamba 201."

"Sanabwerebe," anamalizitsa a Insipekitala mwamphamvu. "Ndinachita dala."

A Stepala anatola stepala yawo n'kuikanikiza kawiri m'malere. Timawaya tiwiri tinagwera pakauntala. Mphwawo wa akazi awo anayenera kudikirabe, ndipo iwo ndi amene akakafotokoze zimenezo kunyumba.

Koma masamba makumi anayi anali akadalipo. A Insipekitala, atalimba mtima, anapisa m'jekete natulutsa mapepala asanu ndi limodzi opinda pakati. Anati anayambapo kale kumuwonjezera mayiyo. Apa zilembo zinali zoima bwino, zosasowa womasulira. Anamupatsa Wotaipa kuti awerenge mokweza, anthu amve kuti wolemba akakhala pansi zimakhala bwanji.

Wotaipa anawerenga monga analembera, osawonjezera, osachotsa, ndi mawu a munthu wowerenga mita ya madzi.

"'Wochapa anagwada, njerewere yake ikunyezimira ndi misozi. Anati: Bwana, ine ndine munthu wosaphunzira, koma pochapa malaya anu ndaphunzira kuti kuyera kwenikweni ndi kwa mumtima. Matikiti aja ndinanama. Mundikhululukire, inu nyali ya maphunziro m'chigawo chino.'"

Anaima kuti apume. Panatsala masamba asanu ndi theka.

"Ameneyo ndi ndani?" anafunsa wometa.

"Mayi yemwe uja," anatero a Insipekitala.

"Ayi bwana, musatinamize. Uja wa matikiti sangagwade. Uyu ndi mchemwali wake wa kutchalitchi. Uja mwamuika kuti? Mwamupha?"

"Iwe umadziwa chiyani za mabuku? Ntchito yako ndi mitu ya kunja."

"Ya kunja yomweyo imandiuza zambiri, bwana. Munthu akagona pampando wanga ndimadziwa kuti nkhani yanga yafoira. Taonani a Stepala."

A Stepala anali akuyasamula. Anatseka pakamwa mochedwa.

A Insipekitala analanda mapepala aja m'manja mwa Wotaipa. Anawawerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Kunena zoona, sanali munthu wopusa. Anali atakhala kumbuyo kwa makalasi ambirimbiri, ndipo ankadziwa kusiyanitsa phunziro lamoyo ndi lakufa, malinga ngati wophunzitsayo sanali iwo. Anapinda mapepalawo kanayi n'kuwabwezera m'thumba.

"Amenewa anali ongoyeserera," anatero. "Muli ndi kope latsopano?"

A Stepala anawagulitsa kope la masamba makumi anayi ndi asanu ndi atatu. A Insipekitala anakhala pabenchi, anaika chikwama pamaondo ngati tebulo, navula chotsekera cha cholembera. Anayang'ana kudenga kwa kanthawi. Kenako anayamba.

Wotaipa, ali pampando wake, ankaona tsambalo bwinobwino. Pamwamba a Insipekitala analemba ndi zilembo za asilikali zija kuti, "Wochapa analowa nati." Pansi pake cholembera chinanyamuka. Chinayenda mzere woyamba chikukwera ndi kutsika, wachiwiri, wachitatu, mpaka pansi pa tsamba, popanda chilembo ngakhale chimodzi chimene mwana wa sukulu kapena pulofesa angachitchule dzina. Anatembenuza tsamba. Apa ndi apo ankaima n'kulemba momveka kuti, "Insipekitala anayankha mwaulemu," kenako nyongolotsi zinkapitiriza ulendo.

"Taonani mphatso," ananong'ona a Stepala, amene anali kutali ndi benchi. "Osaganiza n'komwe. Zikungotuluka ngati madzi a pampopi."

Wometa, amene anali pafupi, anasuzumira, nayang'ana Wotaipa, natsegula pakamwa. Wotaipa anamugwedezera mutu pang'ono chabe. Wometa anatseka pakamwa, koma mapewa ake anayamba kugwedezeka, mpaka anatuluka panja kukaseka ndi mvula.

Chimene Wotaipa sanachiiwale n'chakuti pa tsamba lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri a Insipekitala anaima, nakwinya nkhope, nabwerera m'mbuyo mizere iwiri, nakhwatcha kanyongolotsi kena. Pamwamba pake analembapo kena kabwinopo.

Teni koloko isanakwane, masamba makumi anayi anali atadzaza. A Insipekitala anatambasula zala, naika kope pakauntala ngati munthu wotula katundu wolemera.

"Dzanja langa layamba kunjenjemera masiku ano," anatero osayang'ana munthu. "Ukalamba. Koma mayiwa amakudziwa kalembedwe kanga. M'tauni muno palibenso wina amene angakawerenge." Anatembenukira kwa a Stepala. "Mwamva? Palibenso wina. Tsiku limene ndidzapeze munthu wachilendo pampando uwo, makope anga ndidzapita nawo kwina."

"Mlamu wangayu ndi wa pano mpaka kalekale," anatero a Stepala, mawu akutuluka ngati akuwazula dzino.

"M'mawu oyamba a bukuli ndidzathokoza aphunzitsi anga onse, a kuhotela aja, ndi shopu ino."

"Mulembe dzina lonse la shopu, bwana, ndi nambala ya foni."

Wotaipa anakoka kope lija n'kuyamba kulitsegula tsamba ndi tsamba. Sanayembekezere kuti dzina lake likhala paliponse, ndipo anadabwa kuti pena pake pansi pa nthiti pakumuwawabe. Anakusiya kuwawako kuti kudikire. Anayendetsa chala pa mizere ija mosafulumira, akugwedeza mutu ngati akumva zimene ikunena.

"Zolemba zothina chonchi zimafuna masabata atatu," anatero. "Ndipo sindifuna munthu woima kumbuyo kwanga."

"Palibe adzaime," anatero a Insipekitala.

"Apa pa tsamba lachisanu ndi chinayi ndikuona wochapayu wapeza kalata m'thumba la thalauza."

"Kalata yanji?"

"Sindinafike pamene mwafotokoza. Koma ikununkhira mafuta odzola." Anatembenuza masamba ena. "Apa akuuza a dalaivala. Diso lawo labwerera, ndaona mwakonza. Ndipo apa..." Anaima pa tsamba la makumi atatu ndi asanu ndi atatu, nasendeza magalasi. "Ooo. Apa ndiye mwalimba mtima, bambo."

"Ndatani?"

"Akusiya ntchito. Pakati pa phwando lotsanzikana ndi mwininkhani, alendo ali tho, iye akubweretsa beseni la malaya onyowa, akuliika patebulo la akuluakulu, akupukuta manja, akupita. Folo koloko yakwana."

"Akusiya? Pa phwando langa... la mwininkhani? Ndiye mawu ake otsanzika aja, masamba khumi ndi awiri aja?"

"Akuyankhulabe. Koma anthu onse akuyang'ana beseni." Anatembenuza kopelo kuti liyang'ane kwa iwo, chala chili pa mzere wina wokhota kwambiri. "Ndi momwe mwalembera. Kapena ndaphonya? Tawerengani nokha, alamu anga amve."

A Stepala anasendera pafupi, chiyembekezo chitayambanso kuwala m'maso mwawo.

A Insipekitala anayang'ana mzerewo. Anauyang'ana nthawi yaitali kuposa imene anatenga poulemba. Mtsempha wina unkagunda pambali pa chipumi chawo.

"Beseni," anatero potsiriza. "Eya. Lachitsulo."

"Ine ndimaona ngati lapulasitiki."

"Lapulasitiki," anavomera. Anamanga makope akale aja ndi chingwe, mfundo ikuwavuta, natenga ambulera. Pakhomo anacheuka ngati akufuna kunena kanthu, koma anangokweza chipewa pang'ono, chinthu chimene sanachitepo miyezi isanu yonseyo, n'kutuluka.

A Stepala anapita kuseri kwa makina a fotokope kukaimbira foni akazi awo, akuyankhula motsitsa. Wometa anali atapeza mutu, ndipo makina ake ankamveka kulira kuseri kwa khoma, iye akufotokoza kale nkhani ya beseni.

Wotaipa anaika kope latsopanolo m'dirowa. Pakhomo panali pataima mayi wina wonyowa mapewa, atagwira pepala lokulunga m'pulasitiki.

"Mumataipa makalata a kwa alandilodi?" anafunsa mayiyo. "Denga likudontha pabedi penipeni, chaka chachiwiri tsopano."

"Khalani apa, mayi," anatero Wotaipa, akusendeza mpando. Anayala pepalalo pambali pa kiyibodi, nalitsindira ndi kapu kuti lisapindike, n'kuyamba ndi deti.